Mgolo usanalandire mlamba: kapangidwe ndi kakhwimitsidwe ka ng'anjo yachitsulo

Mayi akafika pamsika wa Limbe kapena wa Zomba kudzagula mlamba wowamba, amautembenuza, kuununkhiza ndi kuudina ndi chala pamimba kuti aone ngati wauma bwino. Akakhutira amafunsa mtengo. Funso limene safunsa, ndipo wogulitsa naye kawirikawiri sangaliyankhe, ndi lakuti: kodi nsombayi inawambidwira m'chiyani?

Ina mwa milamba ndi makumba amene amadyedwa m'mizinda ya kummwera amachokera kunyanja ya Chilwa, kuphatikizapo madooko a m'boma la Phalombe monga Swang'oma ndi thamanda la Mpoto. Kumeneko nsomba zimawambidwa mosiyanasiyana. Ena amakumba dzenje n'kuyala waya pamwamba, ena ali ndi ng'anjo za njerwa, pamene ena amadalira mgolo wachitsulo wa malita 200, umene ambiri amangoutchula kuti dramu. Mgolo womwewu ndi umene owotcherera zitsulo ku Ndirande ndi ku Mchesi amaudula kupanga zootchera nyama za m'makomo ndi m'malo omwera.

Chipangizochi n'chotsika mtengo ndipo wowotcherera aliyense wodziwa ntchito akhoza kuchipanga tsiku limodzi. Koma ubwino kapena kuipa kwake kumakhazikika nsomba yoyamba isanalowemo: posankha mgolo, pouboola, pouotcha ndi poukhwimitsa ndi mafuta. Wolakwitsa apa amadyetsa anthu utoto ndi dzimbiri kwa chaka chathunthu, iye osadziwa.

Nyanja yoyenda

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi imathiramo, koma madziwo amachoka ndi dzuwa basi. Popeza ndi yosaya, moti m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, mvula ikavuta gombe limabwerera m'mbuyo mtunda wautali. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linasanduka chigwa cha matope ong'aluka, mabwato n'kutsala pamtunda. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anachita zosiyana ndi izi: madzi anasefukira, ndipo Phalombe inali limodzi mwa maboma amene anavutika koposa.

Wowamba nsomba amatsata madzi. Ng'anjo ya njerwa yomangidwa pagombe chaka chino ikhoza kupezeka ili kutali ndi dooko chaka chamawa, kapena itamira. Mgolo umakwera njinga n'kupita kumene nsomba zikutsikira. Apa ndi pamene pali mphamvu yake, ngakhale pa zina zonse ng'anjo ya njerwa imauposa.

Kuyambira mu 2010, ndondomeko yothandiza anthu a m'chigwa cha nyanjayi kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, imene inkayendetsedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College, la WorldFish ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ndi thandizo la dziko la Norway, inabweretsa ng'anjo zosadya nkhuni zambiri komanso timahema tapulasitiki toumitsira nsomba ndi dzuwa kwa magulu a amayi m'madooko monga Kachulu ku Zomba ndi Swang'oma ku Phalombe. Nzeru ya ng'anjo zamtunduwu inayambira kutali. Mu 1969 akatswiri a FAO ndi a nthambi yofufuza za chakudya ku Ghana anagwira ntchito ndi amayi a ku Chorkor, mumzinda wa Accra, n'kupanga uvuni wosanjikiza masefa ambiri pamoto umodzi kuti utsi ndi kutentha zisathawire m'mlengalenga. Mgolo wopangidwa bwino umatsata mfundo yomweyo: moto wochepa, wotsekeredwa, wogwira ntchito pa nsomba zambiri.

Mgolo uliwonse uli ndi mbiri yake

Palibe mgolo umene umafika pamsika wa zitsulo wopanda mbiri. Unanyamulapo chinachake, ndipo ntchito yoyamba ya wogula ndi kudziwa chinthucho. Woyenera kusaka ndi umene munali zakudya, monga mafuta ophikira, madzi a zipatso kapena manyuchi a shuga. Umene munali mankhwala ophera tizilombo, ophera udzu, a dibi kapena a m'mafakitale ndi wosiya pomwepo, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo n'kulumbira kuti anautsuka. Kutsuka sikufika m'mipiringidzo ya m'mphepete mmene chitsulo chinapindidwa, ndipo moto sutsimikizira kuti poizoni yense watha. Mankhwala ena akapsa amabala utsi woopsa kuposa mmene analili. Mgolo umene zolemba zake zinafufutika, ndipo palibe wodziwa chimene chinalimo, uwerengedwe m'gulu lomweli.

Migolo ya petulo, dizilo, parafini kapena mankhwala osungunulira utoto ili ndi ngozi ina, yofulumira. Mgolo wooneka wopanda kanthu umakhala wodzaza ndi mpweya wa mafutawo, ndipo kamoto kamodzi kothetheka kuchokera ku galayinda kapena ku makina owotcherera n'kokwanira kuuphulitsa. Mgolo wopanda kanthu ndi umene uli woopsa kuposa wodzaza, chifukwa mpweya wa mafuta wasakanikirana ndi mphepo, ndipo chisakanizo chimenecho ndi chimene chimaphulika. Amisiri osamala amatsekula zitsekero zonse, kuutsuka ndi madzi otentha a sopo, kuudzaza madzi mpaka pakamwa, kenako n'kudula chivundikiro ndi hamala ndi tchizulo madziwo ali momwemo. Ine ndinganene kuti ntchito yonseyi ndi yosafunika: mgolo wa mafuta ophikira umapezeka, ndipo kusiyana kwa mtengo sikungafanane ndi nkhope ya munthu.

Chachitatu choyang'ana ndi mtundu wa chitsulo. Mgolo wotuwa monyezimira ngati lata la denga unakutidwa ndi zinki. Zinki amasungunuka pa madigiri 420, ndipo akakumana ndi malawi kapena moto wowotcherera amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa wopuma: kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo ndi chifuwa, ngati malungo, maola angapo pambuyo pake. Choncho malata akale, mapaipi a madzi otuwa aja ndi mabawuti onyezimira asayandikire pamene pakhale moto. Chofunika ndi chitsulo chakuda wamba, chija chimachita dzimbiri chikanyowa. Zikumveka ngati kudzitsutsa, koma dzimbiri lili ndi mankhwala ake, amene tiwafike kutsogoloku.

Mtunda wa pakati pa moto ndi nsomba

Kuotcha ndi kuwamba ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wootcha kanyenya amafuna moto waukali pafupi ndi nyama kwa mphindi zochepa. Wowamba amafuna kutentha kofatsa ndi utsi wopepuka kwa maola ambiri, kuti nsomba ipse, ichoke madzi ndi kulowa fungo, koma isapserere. Kapangidwe konse ka ng'anjo kamachokera pa kusiyana kumeneku.

Mgolo wa malita 200 umatalika masentimita pafupifupi 88, ndipo pakamwa pake ndi masentimita pafupifupi 58. Ukaimikidwa chilili, pansi pake pambali pamadulidwa kakhomo ka masentimita 25 m'lifupi ndi 20 m'litali, ndipo chidutswa chodulidwacho chimabwezeredwa ndi mahinjesi kuti chikhale chitseko. Kakhomoka ndi kosonkhezera moto komanso kolowetsera mphepo. Moto usayake pachitsulo cha pansi pa mgolo, chifukwa chitsulocho n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo chimabooka msanga. Uyake m'kadengu ka zitsulo kokhala pa timiyendo kapena pa njerwa zitatu, kuti phulusa lizigwa pansi ndipo mphepo izilowa kunsi kwa makala.

Pamwamba pa moto, pa masentimita 15 kapena 20, pamaikidwa chimbale chachitsulo chochepera pang'ono kuposa mgolo, kusiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuzungulira. Ambiri opanga ng'anjo amachisiya pofuna kupulumutsa ndalama, koma ndicho chiwalo chofunika kuposa zonse. Chimatchinga malawi, chimagawa kutentha kuti kusaunjikane pakati, ndipo chimalandira mafuta odontha kuchokera ku nsomba. Chikhale chopindika m'mphepete ngati mbale, chotheka kuchotsa ndi kutsuka. Ena amathiramo mchenga woyera kuti uzimwa mafutawo.

Sefa yoyamba ya nsomba italikirane ndi moto ndi masentimita osachepera 50. Apa wowerengera adzaona vuto: mu mgolo wa masentimita 88 mukutsala malo a masefa awiri kapena atatu okha. Pali njira ziwiri zolithetsera. Yoyamba ndi kuchotsa pansi pa mgolo wonse n'kuukhazika pa kadzenje kapena pa mizere itatu ya njerwa zomatidwa ndi dothi, kuti moto ukhale m'munsi ndipo mgolo wonse ukhale wa nsomba. Imeneyi ndi yoyenera pagombe, chifukwa posamuka munthu amangonyamula mgolo n'kusiya dzenje. Yachiwiri ndi kulumikiza theka la mgolo wina pamwamba. Amene ali ndi ndalama zoonjezera akhoza kupanga kabokosi ka moto kapadera pambali, kolumikizidwa ndi paipi yakuda. Umu ndi mmene ng'anjo za nyama za ku Texas ku America zimapangidwira, ndipo kumeneko chidali cha ng'ombe chimakhala pa madigiri 110 mpaka 120 kwa maola opitirira 10. Mafuta safika pamoto n'komwe, koma nkhuni zimapita zambiri.

Masefa amakhala pa zitsulo zomangira nyumba za mamilimita 8 kapena 10, zopyoza mgolo mbali ndi mbali, ziwiri pa sefa iliyonse, motalikirana masentimita 10 mpaka 12 kuchokera pa sefa ina kufika pa inzake. Waya wa khola la nkhuku, umene ambiri amayalapo nsomba, ndi wokutidwa ndi zinki. Pa kutentha kowambira satulutsa utsi, koma mchere umamudya, ndipo akayamba kuyoyoka zoyoyokazo zimakakamira pa nsomba. Waya wachitsulo chakuda wokhwimitsidwa ndi mafuta, kapena wachitsulo chosachita dzimbiri kwa amene angakwanitse, ndi wabwinopo. Mashelefu a firiji yakale amaoneka oyenera, koma ambiri anakutidwa ndi pulasitiki kapena zitsulo zina zosayenera moto.

Chivundikiro chikhale chokwana bwino, chokhala ndi chogwirira chathabwa ndi kachumuni kapena mabowo atatu otsekeka ndi kachitsulo kotsetsereka. Kachipangizo koyezera kutentha, kofanana ndi ka uvuni wa buledi, kamalowetsedwa pambali molingana ndi sefa yapakati. Alipo akatswiri amene amadziwa kutentha pongoika dzanja pachivundikiro, koma luso limeneli analigula ndi nsomba zambiri zopserera.

Moto woyamba ndi wa utoto

Ng'anjo ikatha kuwotchereredwa sinafike polandira chakudya. Kunja kwake kuli utoto, m'kati muli zotsalira za katundu wakale, ndipo migolo yambiri ya zakudya imakhala yopakidwa m'kati utoto wolimba wofiirira kapena wachikasu, wotchinga chitsulo kuti chisakhudzane ndi chakudyacho. Utoto umenewu unapangidwira zinthu zozizira. Ukatenthedwa umasupuka, umanunkha ndipo utsi wake umalowa mu nsomba.

Choncho moto woyamba ndi waukali, woti udye zonsezi. Masefa ndi koyezera kutentha zimachotsedwa, mgolo umadzazidwa nkhuni zouma kufika theka, chitseko ndi chivundikiro zili zotsekula, ndipo moto umasonkhezeredwa kwa maola awiri kapena atatu kufikira utoto wakunja utatuwa n'kumayoyoka wokha. Izi zichitike pabwalo, kutali ndi nyumba zaudzu, ana ndi ziweto, ndipo wosonkhezera aime kumene mphepo ikuchokera. Matayala, mapulasitiki ndi oyilo wa galimoto zisalowe pamotowu ngakhale zimayaka msanga, chifukwa zimasiya chimene tikufuna kuchotsa.

Mgolo uzizire wokha. Kuuthira madzi uli wofiira kumaupinda, chivundikiro osakwananso. Ukazizira umakwechedwa ndi bulashi yawaya, sandipepala kapena mchenga wa kumtsinje ndi chiguduli, kufikira chitsulo chotuwa chitaonekera paliponse. Pamene utoto wam'kati wakana kuchoka, moto ubwerezedwe. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo ndi pamene ambiri amagonjera, n'kunena kuti zotsalazo zidzapsa zokha m'tsogolo. Zimapsadi, koma zimapsera mu nsomba. Pomaliza mgolo umatsukidwa ndi sopo, kutsukuluzidwa, ndi kuumitsidwa nthawi yomweyo ndi kamoto kochepa. Chitsulo chimene changosupulidwa utoto chimagwira dzimbiri usiku umodzi wokha, choncho kukhwimitsa kuyambe tsiku lomwelo.

Moto wachiwiri ndi wa mafuta

Amayi akumudzi sagula mphika wadothi lero n'kuphikamo ndiwo za alendo lero lomwe. Amayamba auzoloweza moto. Chiwaya cha tchipisi nachonso chimada ndi kusalala pakapita nthawi, ndipo mbatata sizikakamiranso. Kuda kumeneko si litsiro. Mafuta ophikira akapakidwa mopyapyala pachitsulo n'kutenthedwa kwa nthawi yaitali, amagwirizana ndi mpweya, tizigawo take timalumikizana, ndipo amasanduka khungu louma, lolimba, lomatirira pachitsulo. Khungu limeneli ndi limene limatsekereza madzi ndi mchere kuti zisafike pachitsulo. Uku ndiko kukhwimitsa.

Mafuta a mpendadzuwa, mbewu imene alimi a ku Phalombe amalima okha, ndi oyenera ntchitoyi, chimodzimodzi a soya. Mafuta a nyama amagwira koma amachedwa kuuma, ndipo ng'anjo ikakhalitsa osagwira ntchito amanunkha. Majarini ali ndi madzi ndi mchere, choncho ndi osayenera. Kapu imodzi ya mafuta imakwanira mgolo wonse. Amapakidwa ndi kansalu koyera m'kati monse, kunsi kwa chivundikiro, pa chimbale, pa masefa, pa zitsulo zonyamula masefa ndi m'malo onse owotcherera. Kenako pamatengedwa kansalu kena kouma n'kupukuta ngati munthu akufuna kuchotsa mafuta onse amene wapaka. Otsalawo ndi amene akufunika. Mafuta akachuluka amayenderera, amaundana ngati ulimbo, sauma, ndipo amakola fumbi ndi phulusa.

Moto wake ndi wofatsa. Makala amayatsidwa m'kadengu, masefa ali m'malo mwake, chivundikiro chotseka, kachumuni kotsekula, ndipo kutentha kumasungidwa pakati pa madigiri 150 ndi 180 kwa maola awiri kapena atatu. Poyamba mumatuluka utsi wonunkha mafuta, kenako umachepa. Ola lomaliza akhoza kuponyamo tizidutswa ta nkhuni zimene adzawambire. Ng'anjo ikazizira, m'kati mukhale mofiirira moderako ngati uchi wakale, ndipo chala chikadutsapo chisamate. Chikamata, mafuta anachuluka kapena moto unachepa. Ingotenthaninso popanda kuonjezera mafuta. Kupaka ndi kutentha kukachitika kawiri kapena katatu, khungulo limada n'kulimba.

Moto wachiwiriwu uli ndi phindu lina limene siliyenera kutayidwa. Ndi nthawi yokhayo imene mwini ng'anjo angaphunzire khalidwe lake popanda kuika ndalama zake pachiswe. Aone pamene utsi ukutulukira mosayenera n'kumatapo ndi dothi. Atseke chitseko theka n'kuona kuti kutentha kwatsika ndi madigiri angati, ndipo patapita mphindi zingati. Adziwe mbali imene imatentha kwambiri. Lamulo la kayendetsedwe ka moto ndi limodzi: kutentha kumawongoleredwa ndi chitseko cha pansi, osati potseka chumuni. Chumuni chikatsekedwa utsi umaima, chinyezi chimabwerera pa nsomba, ndipo phula lowawa limadontha kuchokera kuchivundikiro.

Kunja kwa mgolo kukhoza kupakidwa mafuta omwewo kapena utoto wopirira moto umene umagulitsidwa m'mashopu a zipangizo. M'kati musalowe utoto wa mtundu uliwonse.

Utsi umene sukuoneka bwino ndiwo wabwino

Pali chikhulupiriro chakuti nsomba yakuda bii ndiyo yawambika bwino, ndipo utsi wochuluka ndiwo ukugwira ntchito. Zoona zake n'zosiyana. Utsi woyera wokhuthala, kapena wakuda, umachokera ku nkhuni zaziwisi kapena ku moto wosowa mphepo, ndipo umanyamula mwaye ndi phula. Utsi woyenera ndi wopepuka, wobiriwira pang'ono, umene munthu amauona movutikira dzuwa likawala.

Nkhaniyi si ya kukoma kokha. Nkhuni zikamapsa mosakwanira, makamaka mafuta a nsomba akamadonthera pa makala, pamapangika gulu la mankhwala lotchedwa PAH. Amodzi mwa iwo, benzo[a]pyrene, ali pamndandanda wa zinthu zimene bungwe lofufuza za khansa la IARC, nthambi ya WHO, linatsimikiza kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Kuyambira mu 2014 maiko a European Union salola nsomba zowamba zokhala ndi mankhwalawa opitirira mamaikulogalamu awiri pa kilogalamu. Mlamba ndi nsomba yonona, ndipo pa dzenje lotsekula mafuta ake onse amathera pamoto, malawi n'kumalumpha. Pofuna kuthana ndi vuto lomweli, FAO ndi sukulu ya zausodzi ya ku Thiaroye m'dziko la Senegal anapanga ng'anjo yotchedwa FTT cha m'ma 2008, ndipo zina mwa ziwalo zake zazikulu ndi mbale yolandira mafuta ndi malo apadera a makala. Chimbale chija chimene wowotcherera amafuna kuchisiya chimagwira ntchito yomweyo pamtengo wa chidutswa cha chitsulo.

Nkhuni nazo n'zosankha. Za mango ndi za mitengo ina ya zipatso, zouma bwino, zimapereka fungo labwino. Paini ali ndi utomoni umene umadetsa ndi kuwawitsa nsomba. Matabwa opakidwa utoto, mapolo a magetsi, ndi mitengo yonyikidwa m'mankhwala a chiswe ndi poizoni. M'chigwa cha Phalombe, kumene mitengo inatha ndipo nkhuni zambiri zimatsika m'mapiri a Michesi ndi Mulanje, mgolo wotsekeka uli ndi mwayi woti umayaka ndi zinthu zimene dzenje silingagwiritse ntchito bwino: zitsononkho za chimanga, mitengo ya nandolo ikatha kukololedwa, ndi mankhusu a mpunga owazidwa pang'onopang'ono pa makala kuti afuke.

Ng'anjo isayatsidwe m'nyumba kapena m'khitchini yotseka, ngakhale kunja kukugwa mvula. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Nsomba yoyamba

Ulendo woyamba muikidwe nsomba zochepa. Mlamba umatumbulidwa, kutsukidwa ndi madzi oyera kufikira kuterera kwatha, n'kunyikidwa m'madzi a mchere, kilogalamu imodzi pa malita 10, kwa mphindi 20 kapena 30 malinga ndi kukula kwake. Ukavuulidwa uikidwe pamthunzi podutsa mphepo, povundikira kuopa ntchentche, kufikira khungu litasiya kudontha n'kuyamba kumata pang'ono. Nsomba yonyowa sigwira utsi bwino, imangochita mawanga.

Ola loyamba kapena awiri moto ukhale wochepa, wosapitirira madigiri 50 kapena 60. Wofulumira amalakwitsa pano. Moto waukali poyambirira umaumitsa kunja kwa nsomba n'kutsekera madzi m'kati. Nsomba yotere imaoneka yokongola pochoka pagombe, koma ikafika ku Limbe itagona masiku awiri m'dengu imakhala itachita chuku kapena mphutsi, ndipo wogula wa chaka chonse amatayika tsiku limodzi. Kunja kukayamba kulimba, kutentha kukwezedwe kufika pa madigiri 80 kapena 90 kwa maola awiri kapena atatu kuti ipse mpaka pafupa. Pakati penipeni pa mnofu pafike madigiri osachepera 63. Yodya lero kapena mawa yathera pomwepa. Yopita kutali ibwerere pamoto wochepa kwa maola ena ambiri, masefa akusinthanitsidwa, wapansi kupita pamwamba, kufikira nsomba itapepuka ndi kulimba. Izizire bwino isanalowe m'dengu, chifukwa yofunda imachita thukuta.

Nsomba youma mokwanira siifuna mankhwala ophera tizilombo, amene ena amawaza pofuna kuthamangitsa ntchentche ndi tofumbwa, n'kuika moyo wa ogula pangozi.

Wa m'tauni amene akufuna mgolo womwewu kuti aziwambira nkhuku, nkhumba kapena mwendo wa mbuzi asunge kutentha pa madigiri 110 mpaka 130, ndipo nkhuku ifike madigiri 74 pakati pa ntchafu. Ndi bwino kukhala ndi masefa ndi chimbale chapadera, chifukwa fungo la mlamba silichoka msanga.

Mchere ndi mvula

Kunyanja ya Chilwa chitsulo chili ndi adani awiri. Madzi a nyanjayi ndi amchere pang'ono, popeza satuluka, ndipo mcherewo umaonjezeka nyanja ikamaphwa. Kuonjezera apo pali mchere wa nsomba umene umadonthera pa masefa tsiku ndi tsiku. Khungu la mafuta lija limatha, ndipo liyenera kubwezeredwa. Ntchito ikatha phulusa lichotsedwe, chifukwa likanyowa limadya chitsulo mofulumira kuposa madzi okha. Chimbale chitsukidwe, masefa akwechedwe akadali ofunda n'kupakidwa mafuta pang'ono. Makoma a m'kati asatsukidwe ndi sopo. Akachita makoko a mwaye, angopalidwa ndi kathabwa. Pamene paoneka dzimbiri pakwechedwe, papakidwe mafuta, patenthedwe.

Nthawi yoopsa kwa mgolo ndi miyezi ya mvula, pamene nyanja imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane, ntchito n'kuchepa. Mgolo wosiyidwa padothi lonyowa, phulusa lili m'kati, umabooka pansi nyengo imodzi yokha. Usanasungidwe upakidwe mafuta, utenthedwe, ukhazikidwe pa njerwa pansi pa denga, chitseko ndi chumuni zili zotsekula pang'ono kuti chinyezi chisaunjikane.

Ngakhale utasamalidwa chotere, mgolo uli ndi malire ake. Chitsulo chopyapyala chimataya kutentha msanga, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene chiperoni chikuwomba, ndipo ena amaumata dothi kunja kapena kuuzinga ndi njerwa, zimene zimathandiza pa nkhuni koma zimasunga chinyezi pachitsulo. Sungalandirenso nsomba zochuluka ngati ng'anjo ya njerwa ya masefa 10. Gulu la amayi lokhala ndi malo okhazikika pamtunda wosafika madzi lipindula kwambiri ndi njerwa. Mgolo ndi wa munthu mmodzi, wa mpamba wochepa, amene m'mawa amagula beseni limodzi kapena awiri a milamba padooko ndipo sadziwa kuti mwezi wa October dookolo lidzakhala lili pati.